Mwana akadandaula za wansembe: zoyenera kuchita pa parishi, kupolisi ndi ku dayosizi

Dayosizi ya Mangochi ndi yotambalala, imafika m'maboma a Mangochi, Machinga ndi Balaka, ndipo parishi imodzi imakhala ndi nthambi zambiri zotalikirana. M'malo otere bambo mfumu amapatsidwa ulemu waukulu: ndiwo ali ndi galimoto, ndiwo amathandiza fizi, ndiwo amalembera mnyamata kalata yopita ku seminale. Ansembe ambiri amatumikira bwino ndi ulemu umenewu. Koma ulemu womwewo ndi umene umatseka pakamwa mwana amene wagwiridwagwiridwa kapena kugwiriridwa, ndipo umatsekanso makutu a makolo ake. N'chifukwa chake chitetezo cha ana sichingadalire mawu oti "abambo athu timawadziwa". Chimafunika malamulo omanga aliyense mofanana, kuyambira katekisti mpaka Ambuye Episkopi.

Mwana apa ndi aliyense wosakwana zaka 18. Malamulo a Mpingo amatero, ndipo malamulo oyendetsera dziko lino nawo anasinthidwa mu 2017 kuti atero. Mtsikana wa zaka 16 angakule thupi chotani, angakhale kuti anavinidwa kale, ndi mwana, ndipo mawu oti "anafuna yekha" sapepula mlandu.

Kutseka mipata pa parishi

Wozunza ana kawirikawiri sayamba ndi nkhanza. Amayamba ndi kukondera mwana mmodzi: nsapato, mayunitsi, ndalama za mayeso, kumutuma ku nyumba ya ansembe madzulo, kuzolowerana ndi makolo mpaka iwo kumaona ngati dalitso. Amasankha mwana wamasiye kapena wa banja losowa, amene sangayerekeze kudandaula za womulipirira sukulu. Ndiye lamulo loyamba ndi lakuti munthu wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo obisika. Mu sakristi, pamene otumikira Misa akuvala, chitseko chikhale chotsekula kapena pakhale wamkulu wachiwiri. Kulapitsa ana kuchitike pamalo pamene anthu akuona koma sakumva. Ana asalowe m'chipinda chogona cha wansembe, ngakhale kukasesa kapena kukayala bedi, ndipo asagone ku nyumba ya ansembe.

Galimoto ndi mpata umene maparishi ambiri amauiwala. Popita kunthambi, wansembe asatenge mwana mmodzi yekha. Pa ulendo wa achinyamata, kwaya kapena ana a Tilitonse wopita kunyanja, pakhale kalata yosainidwa ndi kholo, akuluakulu osachepera awiri, amayi oyang'anira atsikana, ndi malo ogona osiyana. Thandizo la fizi lidutse ku komiti ya parishi ndipo lilembedwe m'buku. Uthenga wa pa WhatsApp upite ku gulu kapena kwa kholo, osati kwa mwana payekha usiku. Tikumbukenso kuti m'sukulu ndi m'zipatala za mishoni kuno ku Mangochi muli ana ambiri a Chisilamu ndi a mipingo ina. Iwonso ndi makolo awo auzidwe kokadandaula.

Ku dayosizi ntchito ndi yosefa anthu. Wochotsedwa ku seminale ina salandiridwa popanda umboni wa amene ankamuyang'anira kumeneko. Wansembe mlendo aonetse kalata ya episkopi kapena mkulu wa chipani chake cha ansembe yotsimikiza kuti ndi wololedwa kutumikira. Ndipo kuchokera mu 2019, lamulo la Papa Francis lotchedwa Vos estis lux mundi, lomwe linakhazikitsidwa kotheratu mu 2023, limalamula dayosizi iliyonse kukhala ndi ofesi yofikirika yolandira madandaulo. Dzina ndi nambala ya wolandirayo zimatidwe pakhomo la tchalitchi ndi kulengezedwa ku miphakati. Ofesi imene akhristu a kunthambi saidziwa ndi chimodzimodzi kulibe.

Mwana akaulula

Apa ndi pamene milandu yambiri imaonongekera, ndipo amaiononga ndi anthu ofuna zabwino. Mwana akayamba kulankhula, khalani pansi, mumvetsereni modekha. Musakuwe, musalire mokweza, chifukwa akaona kuti wakupwetekani amabweza mawu. Musamufunse kuti "unkakatani kumeneko?" Musamuike mawu m'kamwa ndi mafunso ngati "anakugwira apa eti?" Funsani kuti, "Kenako chinachitika n'chiyani?" Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si iye wolakwa. Musalonjeze kusunga chinsinsi, koma muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize.

Tsiku lomwelo lembani zimene wanena m'mawu ake enieni, ngakhale akhale mawu achibwana kapena a Chiyao, pamodzi ndi tsiku, nthawi, malo ndi dzina lanu. Musamuzungulitse kwa tcheyamani, kwa asisteri, kwa ankhoswe kuti abwereze nkhaniyo. Mwana akaifotokoza kasanu imayamba kusiyana pang'ono, ndipo kukhoti kusiyanako kumaoneka ngati bodza. Choipitsitsa ndi kumukhazika pamaso pa woganiziridwayo kuti "ayankhane".

Ngati zachitika posachedwa, mwana asasambe ndipo zovala zisachapidwe. Zikulungeni m'pepala, osati m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa chinyezi chimaononga umboni. Pitani naye kuchipatala msanga. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Kudikira kuti bambo mfumu abwere kuchokera kunthambi kapena kuti komiti ikumane Lamulungu ndi kutaya maola amenewa. Kupolisi funsani nthambi ya Victim Support Unit, ndipo dziwitsaninso ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma. Amene ali kutali angaimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Simufunika chilolezo cha wansembe kapena cha episkopi kuti mupite kupolisi. Kugona ndi mwana ndi mlandu umene chilango chake chingafike pa moyo wonse m'ndende, ndipo sumazengedwa ndi mfumu ya mudzi kapena bungwe la parishi.

Zimene episkopi amachita

Njira ya Mpingo imayenda pambali pa njira ya boma, siilowa m'malo mwake. Wansembe, sisteri kapena bulazala akamva nkhani yotere ali ndi udindo wokanena kwa episkopi mwamsanga, ndipo kubisa ndi mlandu pakokha. Chosiyana ndi zimene wansembe wamva polapitsa. Chinsinsi cha kulapa sichiswedwa, koma wolapitsayo ayenera kulimbikitsa mwanayo kuti akainene nkhaniyo kunja kwa sakramenti, kumene ingathe kutsatidwa.

Nkhani ikangooneka kuti ingakhale yoona, episkopi amatsekula kafukufuku woyamba motsatira lamulo 1717 la Mpingo. Amasankha wofufuza ndi mlembi. Ngakhale kalata yopanda dzina kapena nkhani yomveka pa wailesi siyenera kutayidwa osaiunika. Kafukufukuyu si kuzenga mlandu, ndipo woganiziridwa amaonedwa ngati wosalakwa kufikira chigamulo. Komabe lamulo 1722 limalola episkopi kumuimitsa pa udindo, kumuuza kokhala ndi kumuletsa kuchita Misa pagulu. Izi ndi zoteteza ana ndi mboni, si chilango. Apolisi akamafufuza, Mpingo ungaimike kaye mbali yake kuti usasokoneze umboni.

Zopezeka zonse zimatumizidwa ku Roma, ku ofesi yoona za chiphunzitso cha Mpingo, imene kuyambira 2001 inapatsidwa milandu ya ansembe ozunza ana. Episkopi sangautseke yekha mlandu. Ofesiyo ndiyo imanena ngati mlandu uzengedwe m'bwalo la Mpingo, ugamulidwe ndi episkopi ndi aphungu awiri, kapena uperekedwe kwa Papa. Chilango chimafika pa kuchotsedwa unsembe. Kusunga kapena kutumiza zithunzi zolaula za ana osakwana zaka 18 kuli m'gulu lomweli. Wansembe wa chipani nkhani yake imapitanso kwa mkulu wa chipanicho. Ngati wodandaulidwa ndi episkopi amene, dandaulo lipite kwa Arkiepiskopi wa Blantyre, poti Mangochi ili m'chigawo chake, kapena kwa kazembe wa Papa.

Kumene zimakhotera

Kusamutsa wansembe mwakachetechete ndiko kwapweteka ana ambiri padziko lonse, chifukwa parishi yatsopano imamulandira ndi nthungululu osadziwa kanthu. Kwathu kuno chofala china ndi chipepeso: thumba la chimanga, malata, lonjezo la fizi mpaka Fomu 4, posinthana ndi kukhala chete. Banja losauka limavutika kukana, ndipo sitiyenera kuliweruza, koma wopereka zoterozo akuphimba mlandu. Lamulo la Mpingo limanena poyera kuti wodandaula, wozunzidwa ndi mboni sangakakamizidwe kukhala chete, ndipo kuwabwezera kapena kuwasala n'koletsedwa. Thandizo la mankhwala, uphungu ndi la uzimu ndi udindo wa dayosizi, liperekedwe popanda mawu oti "musapite kupolisi".

Mphakati nawo uli ndi mbali yake. Banja likadandaula, ena amaliona ngati lochititsa manyazi Mpingo, amasiya kulilonjera, ana anzake n'kumamunena mwanayo kusukulu. Atsogoleri aletse miseche, dzina la mwana lisatchulidwe pa zolengeza kapena pa Facebook, ndipo banjalo lipatsidwe munthu mmodzi wa ku dayosizi wolidziwitsa pamene mlandu wafika, chifukwa yankho la ku Roma limatha kutenga miyezi yambiri.

Amene anazunzidwa ali mwana ndipo lero ndi bambo kapena mayi wa ana ake angathebe kudandaula. M'malamulo a Mpingo nthawi yodandaulira ndi zaka 20 kuwerengera tsiku limene munthu wakwanitsa zaka 18, kutanthauza mpaka zaka 38, ndipo ofesi ya ku Roma ili ndi mphamvu yolola mlandu kuzengedwa ngakhale nthawiyo itadutsa. Lembani zimene mukukumbukira, chaka, parishi, amene munawauzapo nthawi imeneyo, perekani kalatayo ku ofesi ya dayosizi ndi kupolisi, ndipo pemphani kuti akusainireni pa kope lanu kuti alandira.