Kumanga mwana pampando wake m'galimoto

Achemwali, mwafunsa mmene mungamangire khanda lanu la miyezi 8 ndi mkulu wake wa zaka 6 pokwera ku Chawe, paphiri la Zomba.

Mpando wa khanda uikeni kumbuyo, mwana ayang'ane komwe mukuchokera. Kutsogolo ayi, airbag (thumba la mpweya lotchinjiriza pangozi) ikaphulika imamenya mpandowo pomwe pali mutu wake. Ukolekeni pa ISOFIX, tizitsulo tokolekapo mpando wa mwana tomwe timakhala pakati pa pokhalira ndi potsamira pampando wakumbuyo. Ngati galimoto ilibe, pisani lamba wa galimoto m'mipata ya mpando wa khandawo, tsindirani ndi bondo uku mukukoka. Mukaugwedeza pansi pake usasunthe kupitirira masentimita 2.5.

Kenako m'vuleni jekete lokhuthala, ngakhale kuphiri kuzizire bwanji. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa: jekete limaphwa galimoto ikaima mwadzidzidzi, malamba n'kukhala olobodoka. Mumangeni kaye, bulangete mum'funditse pamwamba. Kokani malamba mpaka zala zanu zilephere kuwatsina paphewa pake, ndipo asapotane.

Wamkuluyo akhale pa booster, kampando komukweza kuti lamba wa galimoto amukhale bwino, mpaka atatalika pafupifupi masentimita 145. Lamba adutse paphewa osati pakhosi, wam'munsi agone pantchafu osati pamimba.

Khanda likalira m'makona a msewuwo, chonde musalimasule kuti mulinyamule pamiyendo. Pezani poima, muliyamwitse, mulimangenso.