Njala isatisiyitse kumwa ma ARV

Chiyambire mwezi wa Januwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe zambiri, ndakhala ndikuwerenga mapiritsi otsala m'mabotolo a anthu obwera kudzatenga ma ARV, ndipo zimene ndikupeza zikundidetsa nkhawa kwambiri. Munthu amene botolo lake linayenera kukhala litatha akubwera nalo lili ndi mapiritsi ambirimbiri, ndipo ukamufunsa akuyankha kuti tsiku limene pakhomo sipanaphikidwe nsima samwa mankhwala, poopa kuti amukanda m'mimba.

Maganizo amenewa anazika mizu kalekale, ndipo kunena zoona andikwana. Mankhwala amene ambiri ankalandira kale ankabweretsadi chizungulire ndi maloto oipa kwa ena, koma kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi muno anasinthidwira ku piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, limene limamwedwa kamodzi patsiku, munthu atadya kapena asanadye. Likhoza kukusowetsani mtendere pang'ono m'mimba mopanda kanthu, koma zimenezo sizingafanane ndi zimene kachirombo ka HIV kamachita mukasiya kumwa. Kachirombo kamayambanso kuswana pakangopita masabata ochepa, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo mpata umatseguka wa chifuwa chachikulu ndi matenda oumitsa khosi. Choopsa china n'chakuti kumwa modumphadumpha kumapatsa kachirombo danga lozolowera mankhwala, moti piritsi limene linkagwira bwino ntchito likhoza kusiya kukuthandizani. Munthu amene tizirombo tinali titasiya kuoneka poyeza magazi sankapatsira mkazi kapena mwamuna wake, koma tikachulukanso chitetezo chimenecho chimatha, ndipo mayi woyamwitsa amaika khanda lake pangozi.

Bambo wina amene amalima fodya ndi chimanga anandiuza molimba mtima chaka chatha kuti: "A zaumoyo, mankhwala anuwa amafuna nsima, ndiye ndiyambiranso tikakolola." Anasiya kumwa nthawi yopalira, n'kumapita kukagwira ganyu m'minda ya anzake, ndipo pofika nthawi yothyola fodya anali chigonere pamphasa, akutsokomola usiku wonse, thukuta lili kamukamu. Fodya anapsera m'munda, ndipo mbuzi ziwiri zimene ankasungira fizi ya mwana zinagulitsidwa kuti zilipire galimoto yopita naye kuchipatala. Panopa ali bwino ndipo akumwa mokhulupirika, koma njala imene ankaiopa ija inakula kuwirikiza pakhomo pake chifukwa wogwira khasu anali atadwala.

Choncho imwani piritsi lanu tsiku lililonse pa nthawi imene munasankha, ngakhale ndi madzi okha. Mukaiwala, imwani pomwe mwakumbukirapo, pokhapokha ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, ndipo musamwe awiri nthawi imodzi. Amene mukupita kutali kukagwira ganyu tengani botolo ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo pemphani mankhwala a miyezi ingapo musananyamuke. Ngati mukumwanso mapiritsi owonjezera magazi, mankhwala a chilungulira kapena a TB, auzeni achipatala chifukwa amenewa amachepetsa mphamvu ya dolutegravir akapanda kukonzedwa bwino. Amene munasiya kale bwerani sabata ino, ndipo ngati vuto ndi chakudya mudzanene poyera kuti tione pothandizira.