Betta wanu sanakupempheni mnzake

Chiyambire mwezi wa Juni, madandaulo amene ndikulandira kwa osunga nsomba za m'nyumba muno mu Lusaka ndi amodzimodzi. Kaya ndi ku Chilenje, ku Chelstone kapena ku Matero, nkhani imayamba ndi betta mmodzi wokongola (kansomba ka zipsepse zazitali kodziwika ndi ndewu) amene ankakhala yekha bwinobwino m'kathanki kagalasi, n'kuthera pa nsomba zoyandama chagada. Pakatipo pamakhala munthu wachisoni amene anati, "Kansomba aka kakusungulumwa, tikagulire anzake." Loweruka lotsatira akubwera ndi kajumbo muli maguppy atatu (tinsomba ta michira yamawangamawanga), goldfish mmodzi (nsomba ya mtundu wa golide) ndi tina tamizeremizere timene wogulitsa anati n'tofatsa. Zonsezo khuthu m'madzi a malita 12.

Chisoni chimenechi ndicho chikupha nsomba chaka chino. Betta wamphongo sasungulumwa. Kwawo ku Thailand amakhala m'madambo ndi m'minda ya mpunga, m'madzi osaya odzaza udzu, ndipo aliyense amagwira kamalo kake n'kumanga chisa cha thovu pamwamba pa madzi. Ntchito yake ndi kulondera chisacho basi. Ngakhale wamkazi amaloledwa kuyandikira pa nthawi yoikira mazira yokha; akangomaliza amapirikitsidwa, mazira n'kumasamala bamboyo. Kutchireko wopirikitsidwa amalowa m'maudzu, mlandu n'kutha. Nanga m'thanki ya masentimita 30 alowera kuti? Amakagunda galasi n'kubwereranso pakamwa pa mwini malo, usana ndi usiku.

Woyamba kuona zakuda amakhala guppy wamphongo. Mchira wake wautali wamawangamawanga uja, umene inuyo munaugulira, m'maso mwa betta ndi wa betta mnzake wodzalanda malo. Mukaona betta watambasula zipsepse zonse, zivindikiro za m'mbali mwa mutu zili tasa, thupi lili gwa, ana amaomba m'manja kuti nsomba ikuvina. Siikuvina. Ikuchenjeza, ndipo chotsatira ndi kuluma.

Tamizeremizere tija, ma tiger barb, timatembenuza nkhondo. Ndi tothamanga ndipo timakonda kubudula zipsepse za ena, makamaka tikakhala tochepa. Betta wa m'sitolo, ndi zipsepse zake zolemera zija, sangatithawe. M'mawa mumam'peza mchira uli wong'ambikang'ambika, wakhala phee pansi, iye amene dzulo ankazunza maguppy.

Za goldfish zimanditopetsa kubwereza. Iyi ndi nsomba ya madzi ozizira, cha m'ma 18 mpaka 22 digiri, pamene betta amafuna 24 mpaka 28. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kuzizira kumafika cha m'ma 10 digiri, nthawi zina kutsikirapo. Mukaika hita, goldfish avutika. Mukapanda kuika, betta azizidwa, aleka kudya. Mulimonse mmodzi alira. Kuonjezera apo goldfish amakula kupitirira masentimita 15 ndipo amadetsa madzi koopsa. Zoti nsomba imakula molingana ndi thanki yake zija ndi bodza lakale limene sindikudziwa kuti lidzatha liti. Imapinimbira ndi kudwala, osati kuzolowera.

Chimene ambiri sakuona n'chakuti nsomba zambiri sizifa ndi mabala. Zimafa ndi mantha. Pitani mukayang'ane pakona yapamwamba, kuseri kwa fyuluta. Ngati pali kansomba kongokhala pamenepo mutu m'mwamba, mtundu utazilala, zipsepse katazipinda, ndipo chakudya chikagwa sikatuluka, kameneko kayamba kale ulendo. Nsomba yokhalira kuthamangitsidwa chitetezo cha m'thupi chimatsika. Pakapita sabata mumaona timadontho toyera pathupi, kapena nsonga za zipsepse zikuola. Mwini wake amathamangira ku sitolo, kugula mankhwala, madzi onse n'kusanduka obiriwira ngati inki. Ndalama za mankhwala zimaposa zimene anagulira nsombazo, ndipo mankhwala ena oterewa amaphanso tizilombo tabwino ta mu fyuluta timene timachotsa poizoni m'madzi. Koma gwero la matendawo likusambirabe m'thanki momwemo, zipsepse zili tasa.

Kenaka kamodzi kamafera kuseri kwa mwala osaoneka. M'malita 12 mtembo umodzi ndi wokwanira kukweza amoniya, poizoni wochokera ku zoola ndi zonyansa za nsomba, ndipo pano tili ndi tsoka lina. Mzinda uno unakhala pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake maketulo athu amachita zoyerayera pansi. Madzi a mjigo kuno ndi olimba, kunena kuti ali ndi laimu wambiri, pH yake (muyeso umene umakwera asidi akachepa m'madzi) imakhala yokwera, ndipo amoniya amaluma kwambiri pH ikakwera. Malaiti akazima maola angapo, pampu ili zii, mpweya umatha msanga m'thanki yodzaza. Betta amapulumuka chifukwa ali ndi chiwalo chomuthandiza kumeza mpweya pamwamba pa madzi. Anzake ogulidwa aja alibe. Pomaliza amatsala yekha monga poyamba paja, koma tsopano ali ndi mbiri ya ufiti m'nyumba yonse, ana akulira.

Bambo wina wachikulire wa ku Chongwe, mlimi wa nsomba wodziwa ntchito yake, anandikaniratu m'maso. Anagulira zidzukulu zake mabetta awiri amphongo, wofiira ndi wabuluu, kuti aliyense akhale ndi wake, n'kuwaika m'thanki imodzi. Kutacha wabuluu anali atatha zipsepse.

"Alangizi," anatero, "musandiuze kuti nsomba ziwiri zingalephere kukhala pamodzi. Ine m'damu langa muli nsomba zikwizikwi, maliro a ndewu sindinawaonepo. Wabuluuyo anandigulitsa wodwala kale."

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mukaphwetsa damu lija pokolola, pansi pamatope simupezapo timaenje tozungulira?"

Anavomera kuti amatipeza tambiri. Timeneto ndi zisa za bream (nsomba za mtundu wa chambo) zamphongo, ndipo iliyonse imalondera chake mwaukali ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti damu ndi lalikulu ndipo madzi ake ndi obiriwira ndi ndere. Yogonja ikangosuntha pang'ono, yopambana siyiionanso. M'galasi madzi ali mbee, kona ndi kona zikuonana. Madalawo anayamba kufotokoza za mtengo wa chakudya cha nsomba ndi mmene akakowa akuwavutitsira, nkhani yathu n'kusokonekera pomwepo. Amene anaimaliza ndi mayi a kunyumba kwawo, ali kukhitchini: "Abambo ake, ndinakuuzani dzulo lomwe, atambala awiri salira m'khola limodzi."

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti "zizolowerana" ndi akuti "koma ku sitolo zinali pamodzi". Inde zinali pamodzi. Za ku sitolo zimakhala zazing'ono zosakhwima, zopanikizana m'thanki yopanda mwala ngakhale umodzi, moti palibe imene ingagwire malo. Mukazitengera kunyumba n'kuikamo mwala, mwaika chinthu cholimbirana. Ndipo mudzaone bwino, mabetta amphongo ngakhale ku sitoloko amawaika aliyense m'kabotolo kake. Wogulitsa akudziwa. Inuyo ndi amene mukugula ndi maso okha, kusankha mitundu yoti igwirizane ndi makatani.

Mbuna, nsomba zokongola zokhala m'miyala, nazo zikulowa m'mavuto omwewa. Ife akum'mawa kwa Zambia timazinyadira poti ndi za ku Nyanja ya Malawi, ndipo madzi olimba a Lusaka amaziyanja, pakuti nyanjayo pH yake ndi cha m'ma 7.7 mpaka 8.6. Koma kachikasu kamizere yakuda kotchedwa auratus, kamene kamaoneka kosalakwa kali kakang'ono, kakakhala kamphongo kamasintha n'kuda, kamafika masentimita 11, ndipo kamatenga thanki yonse kukhala yake. Mbuna zimafuna thanki yotalika masentimita 120, malita 200 kapena kuposa, miyala yambiri, yamphongo imodzi pa zazikazi zingapo. M'kathanki kapatebulo musaikemo n'komwe, ngakhale yachikasu yofatsirapo ija ya Labidochromis caeruleus.

Chochita tsono, mwachangu poti ndatalikitsa. Za kuchotsa klorini m'madzi ndi kukhwimitsa fyuluta (kudikira kuti tizilombo tabwino tija tiswane) musanaike nsomba sindinena zambiri. Yezani thanki ndi tepi: utali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsa ndi kuya, m'masentimita, n'kugawa ndi 1,000. Ya 30 kwa 20 kwa 20 ndi malita 12, ndipo ngakhale betta yekha imam'chepera. M'pezereni ya malita 20. Yosakwana malita 40, betta akhale yekha, mwina ndi nkhono imodzi ya nerite yodya ndere. Ya 60 kwa 30 kwa 30 ndi malita 54, ndipo apa mungayese kumuonjezera gulu limodzi lokha la tinsomba tating'ono: ma corydoras 6, amene amakhala pansi osalimbirana naye pamwamba, kapena ma harlequin rasbora 8. Pa madzi a mjigo corydoras wamkuwa uja ndiye amapirira bwino. Anzake ofunika ndi a zipsepse zazifupi, osawala kwambiri, osabudula anzawo, okhala bwino pa 25 kapena 26 digiri. Gourami ayi, ndi wachibale wake ndipo onse amalimbirana pamwamba. Pleco wamba, amene amamugulitsa ngati wotsuka galasi, nayenso ayi, amapitirira masentimita 30.

Betta alowe pomaliza. Ngati alimo kale, m'chotseni m'chidebe choyera, sinthani malo a miyala ndi zomera, ikani alendowo, ndipo mum'bwezere pakapita maola angapo nyale itazima. Dzazani zomera ndi timiphika tadothi kuti nsomba zisamaonane kona ndi kona, koma pamwamba pakhale mpata wopumira, ndipo thanki ikhale ndi chivindikiro chifukwa betta amadumpha. Masiku atatu oyamba yang'anitsitsani pa nthawi ya chakudya. Ikapezeka yosadya kapena yobisala pakona, patulani tsiku lomwelo. Mabetta ena salola aliyense, ngakhale nkhono amaijompha; wotereyo musam'kakamize.

Amene mukufunitsitsa nsomba zambiri m'thanki yaing'ono, iwalani betta, funsani Neolamprologus multifasciatus. Ndi kansomba ka ku Nyanja ya Tanganyika, kopezekanso mbali yathu ya ku Mpulungu, kosapitirira masentimita 5, ndipo madzi a Lusaka kamawakonda. Nako kamalondera malo, koma malo ake ndi chigoba cha nkhono. Malita 54, mchenga pansi, zigoba ziwiri kapena zitatu pa nsomba iliyonse, osasakaniza ndi mtundu wina.

Zimene munagula kale zibwezeni ku sitolo kapena mupatse mnzanu wa thanki yaikulu. Musakazitaye mu mtsinje wa Ngwerere kapena m'ngalande. Nkhanu za ku Australia zija, zimene zikuwadyera asodzi nsomba m'maukonde ku Kafue ndi ku Kariba, zinabwera ndi anthu oweta.