Kusankha Nsalu za Chofunda cha Zigamba

Chiperoni chikakuta phiri la Mulanje m'miyezi ya June ndi July, chofunda cholumikiza zidutswa za nsalu chimathandiza kwambiri. Kapempheni zotsalira za zitenje kwa atelala a pa Chitakale kapena ku Limbuli, koma musankhe za thonje zokhazokha, popeza nayiloni amaterera pa makina ndipo msoko wake umakwinyika. Musanadule, chapani chidutswa chilichonse pachokha, chifukwa nsalu zofiira zimakonda kusuluka n'kuthimbiritsa zoyera. Kenaka sankhani chitenje chimodzi cha maluwa akuluakulu kuti chitsogolere, ndipo muchizungulize ndi nsalu zopanda maluwa, zina zowala, zina zoderako. Maluwa akachulukana, maso amatopa. Yalani zonse pamphasa panja, muziyang'ane mutaima chapatali, ndipo chidutswa chimene chikuphimba zinzake muchichotse.