Mmene mungadziwire sitampa imene sinalowepo mu positi ofesi

Mwana wa mchemwali wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ananditumizira phukusi la masitampa chaka china. Anawagula pa intaneti podziwa kuti amalume ake akhala akutolera masitampa kuyambira ali ku pulayimale, ndipo anachita kusankha olembedwa kuti Malawi. Munali timapepala tonyezimira ta masitampa anayianayi: zimbalangondo zoyera za kumadzi oundana, magalimoto a mpikisano, sitima zapamtunda za ku Ulaya. Nditawayala patebulo mtima unandiwawa, chifukwa mnyamatayo analipira ndalama za thukuta lake. Panalibe ngakhale imodzi imene inagulitsidwapo pa kauntala ku Zomba, ku Limbe kapena ku Mzuzu. Munthu wina kutali anangotenga dzina la dziko lathu n'kulisindikiza papepala.

Kuchokera tsiku limenelo, sitampa iliyonse imene yandifika m'manja ndimaifunsa funso limodzi: kodi munthu wa m'dziko lolembedwapoli akanatha kuigula ku positi ofesi, kuimata pa envelopu, kalata n'kuyenda? Zonse zimene ndikuuzeni pano ndi njira zopezera yankho la funso limeneli.

Yambani ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Pali masitampa akuba, osindikizidwa m'dzina la dziko popanda chilolezo cha positi ya dzikolo. Awa si masitampa n'komwe. Ndiye pali ena ovomerezeka ndithu, boma linasaina, koma ochuluka mopyola muyeso, opangidwira thumba la wotolera osati kalata. Dziko laling'ono limapangana ndi kampani yakunja, kampaniyo imasankha zithunzi, imasindikiza, imagulitsa ku Ulaya ndi ku America, positi n'kulandirako gawo la ndalama ndi masitampa ochepa. Kampani ya IGPC ya ku New York yakhala ikugwira ntchito yotere ndi mayiko ngati Grenada, St Vincent, Guyana ndi Gambia, ndipo ya Stamperija ya ku Lithuania yatulutsa masitampa ambirimbiri a Mozambique, Togo, Guinea-Bissau, Niger, São Tomé ndi ena. Mwalamulo awa ndi masitampa, koma pitani ku Tete mukafunse ngati anthu anawaonapo onse.

Khalidweli ndi lakalekale. M'zaka za m'ma 1890, Nicholas Seebeck wa ku New York anapangana ndi Nicaragua, El Salvador, Honduras ndi Ecuador kuti aziwasindikizira masitampa ulere, atsopano chaka ndi chaka, malinga otsala akhale ake komanso aloledwe kusindikizanso ena ogulitsa kwa otolera. Anthu anakwiya mpaka mu 1895 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lolimbana ndi masitampa a katapira otere. Kenako kunabwera a m'chipululu cha Arabia. Pakati pa 1964 ndi 1972, maufumu aang'ono a Ajman, Fujeira, Sharjah, Ras al Khaima ndi Umm al Qiwain, pamodzi ndi kadera ka Manama, anatulutsa masitampa masauzande, a maroketi, a masewera a Olympics, a zojambulajambula za ku Ulaya. Ngati muli ndi alibamu imene munayamba muli mwana, tsegulani, ndikukhulupirira kuti Ajman kapena Fujeira mumupeza. Ine ndinali nawo masamba atatu athunthu, ndipo ndinkawanyadira kuposa sitampa ya Nyasaland yofwifwa imene agogo anandipatsa, pomwe imeneyo ndiyo inayendadi ndi kalata.

Tsopano ntchito yeniyeni. Chida choyamba ndi katalogi, buku la mndandanda wa masitampa a mayiko. Zikuluzikulu ndi zinayi: Stanley Gibbons ya ku Britain, Scott ya ku America, Michel ya ku Germany ndi Yvert et Tellier ya ku France. Kwa ife otolera za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ya Gibbons ndiyo yosavuta. Simukusowa ya chaka chino, ngakhale yakale yong'ambika chikuto imagwira ntchito malinga ikhale yotuluka pambuyo pa chaka cha sitampa yanuyo. Pezani dziko, pezani chaka, yang'anani chithunzi ndi mtengo wolembedwa pa sitampa. Ikapezeka ndi nambala yake, mtima pansi. Gibbons ili ndi kachitidwe kena kamene ndimakakonda: masitampa amene boma linavomereza koma anachuluka kuposa zofunika pa makalata, kapena sanagulitsidwe mokwanira kwa anthu a m'dzikolo, imawakankhira kumapeto, pa gawo lotchedwa Appendix, kungowatchula opanda nambala. Mukapeza sitampa yanu kumeneko, mwadziwa gulu lake. Ikasowa m'makatalogi awiri, ndipo chaka chake n'chakale ndithu, ikayikireni kwambiri.

Masitampa a kuyambira 2002 ali ndi pothawira pena. Bungwe la mapositi a dziko lonse, la UPU, limene likulu lake lili ku Bern, linayambitsa chaka chimenecho kaundula wa pa intaneti wotchedwa WNS, mmene mapositi amalembetsa masitampa awo enieni, iliyonse ndi chithunzi ndi nambala. Sitampa ikapezeka mmenemo, ndi yeniyeni. Koma samalani apa: si mayiko onse amene amalembetsa, ndipo ena amalembetsa chaka chino n'kudumpha zaka zingapo. Choncho kusowa kwa sitampa mu WNS pakokha sikugamula mlandu. Bungwe lomweli limafalitsanso makalata ochenjeza, pamene positi ya dziko lina yadandaula kuti dzina lake likubedwa. Lembani pa intaneti dzina la dziko pamodzi ndi mawu akuti illegal stamps, mupeza otolera ena ataika zithunzi za masitampa akubawo pambali pa makalatawo.

Mayina ena akangotchulidwa, ine ndimayamba ndatchera khutu. Boma la Somalia litagwa mu 1991 positi inaima kwa zaka zambiri, koma masitampa olembedwa Somalia sanasiye kutuluka. Afghanistan, Benin, Rwanda, Congo ndi Malawi wathu yemwe, mayina awo agwiritsidwa ntchito motero. Soviet Union itatha, kunasefukira masitampa a zigawo za Russia monga Tuva, Buryatia, Kalmykia ndi Mordovia, pomwe zigawozi zimagwiritsa ntchito masitampa a Russia. Ndiye pali Staffa, kachilumba ka ku Scotland kopanda munthu wokhalapo, koma kali ndi "masitampa" osawerengeka. Akuba amakonda dziko limene lili pa nkhondo, kapena losauka moti silingathe kulemba maloya kukasuma ku Ulaya. Chimenechi ndicho chimandipweteka koposa, chifukwa ndalama imene wotolera wa ku Germany akuganiza kuti wagulira sitampa ya Malawi sifika ngakhale tambala imodzi ku positi yathu.

Katalogi ikakhala kutali, maso anu omwewo akuthandizani. Tengani galasi lokuzira zinthu, gwirani sitampa ndi kapani kake osati zala, muiyang'ane modekha. Chithunzi chikugwirizana ndi dziko? Masitampa athu enieni ambiri ndi a mbalame, agwape, mbuna za m'nyanja, agulugufe, maluwa, Khirisimasi, atsogoleri ndi zochitika za kuno. Chithunzi chachilendo pachokha si umboni, poti mayiko amatulutsadi masitampa a zinthu zakunja nthawi zina, koma chikuuzani kuti mufufuze. Chizindikiro chimene sichinandinamizepo ndi ichi: kapepala kamodzi kodzaza zinthu zosagwirizana. Pakati pali galu, m'mphepete muli bowa, pakona kachizindikiro ka Rotary kapena ka ma Scout, mwina ndi nkhope ya Papa. Wopangayo akufuna kukola anthu asanu ndi msampha umodzi, wotolera agalu, wotolera bowa, wotolera za ma Scout, onse agule. Positi yeniyeni kawirikawiri sichita zimenezo.

Onaninso zilembo ndi ndalama. Kuno tinasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba kwacha ndi tambala mu 1971, ndiye mtengo wolembedwa uyenera kugwirizana ndi nyengo yake komanso ndi mtengo wotumizira kalata nthawi imeneyo. Akuba amalakwitsa kalembedwe ka mayina a nyama, ngakhale dzina la dziko lenilenilo. Kawirikawiri amagulitsa kapepala komweko mitundu iwiri, kena ka timano m'mbali, kena kopanda timano pa mtengo wokwera. Ndipo mukafufuza bwino, mupeza chithunzi chomwecho, kakonzedwe komweko, chitatuluka m'dzina la dziko lina. Zimbalangondo zanga zija ndinadzazionanso zitavala dzina la dziko la kumadzulo kwa Africa. Ambiri mwa masitampa athu oyambirira, a pambuyo pa 1964, ali ndi umboni wina wokoma: mukawatembenuza n'kuwaika pa chinthu chakuda, m'kati mwa pepala mumaoneka tizithunzi ta atambala a nkhuku.

Chidindo nacho chimanyenga ambiri. Munthu amati poti yadindidwa ndiye kuti inayenda. Tembenuzani. Ngati kumbuyo guluu akadali wosalala, wosanyowapo, pomwe kumaso kuli kachidindo kaudongo pakona, kopanda dzina la tauni lowerengeka, sitampayo inadindidwa isanadulidwe pa pepala lake lalikulu, mwina ndi makina omwe anaisindikiza. Otolera amati CTO, chidule cha mawu akuti cancelled to order. Mayiko ambiri akhala akuchita zimenezi ndi masitampa enieni, choncho si chizindikiro cha kuba, koma si umboninso woti sitampa inagwira ntchito. Umboni wosatsutsika ndi envelopu yathunthu, ya adiresi, ya chidindo cha positi ofesi yodziwika ndi tsiku lake. N'chifukwa chake ndimapempha aliyense kuti asamatule masitampa pa maenvelopu akale a makolo. Kalata yochokera ku migodi ya ku Joni kupita ku Ntcheu, ndi zidindo zake zonse, imanena zambiri kuposa sitampa yomatulidwa.

Pogula pa intaneti, mufunseni wogulitsa nambala ya katalogi. Wachilungamo amayankha msanga kuti ndi Gibbons nambala yakuti kapena Michel nambala yakuti, inu n'kukatsimikiza. Akayamba kuzungulira, kapena akalemba mawu ngati private issue, local issue kapena cinderella, kawirikawiri wakuuzani kale kuti si sitampa ya positi ya dziko. Mawu oti "yosowa kwambiri" pa kapepala ka chaka chaposachedwa, kamene ali nako mazana, asakutengeni mtima. Za Malawi, njira yachidule ndi kufunsa ku Malawi Posts Corporation, amene ali ndi gawo loona za otolera masitampa, kapena kuonetsa wantchito wakale wa pa kauntala. Anthu amenewa masitampa anawagwira ndi manja tsiku ndi tsiku.

Nanga amene muli nawo kale? Ovomerezeka koma ochuluka aja, ngati mumakonda chithunzi chake, sungani, palibe cholakwa, bola musalipire ndalama zambiri poganiza kuti mudzagulitsa mopindula, chifukwa ogula amapereka zochepa kwambiri. Akubawo musawagulitse kapena kusinthanitsa ndi mwana amene akungoyamba kumene, ndipo musawaike pa chionetsero, poti oweruza amachotsera mamalikisi. Anga ndinawaika m'masamba awiri akumapeto kwa alibamu, ndinalemba pamwamba ndi pensulo kuti "osavomerezeka", ndipo ndi amene ndimayamba kuonetsa aliyense wobwera kudzaphunzira. Mwana wa mchemwali wanga uja ndinamuuza zoona zake atabwera pa Khirisimasi. Tsopano akapita ku positi ofesi kumeneko amagula sitampa pa kauntala, kuimata pa envelopu n'kunditumizira kalata, ngakhale ya mizere iwiri yokha.