Momwe mungatetezere mwana wodwala xeroderma pigmentosum ku khansa ya pakhungu

Ambiri kuno timaganiza kuti khansa ya pakhungu ndi vuto la anthu achialubino ndi azungu okha. Koma alipo matenda ena akumtundu, osowa kwambiri, otchedwa xeroderma pigmentosum, mwachidule XP, amene amagwira ngakhale mwana wakuda bii. Ku America ndi ku Ulaya amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 1 miliyoni, pomwe ku Japan ndi kumpoto kwa Africa amachulukirapo.

Cheza cha dzuwa chotchedwa UV chimawononga DNA, malangizo akumtundu oyendetsa thupi, ya m'khungu la munthu aliyense tsiku ndi tsiku, koma thupi limadula powonongekapo n'kuikapo chigamba ngati telala. Mwa mwana wa XP ntchito yokonzayi siyenda, monga anatulukira wasayansi James Cleaver mu 1968. Zowonongekazo zimangounjikana mpaka kusanduka khansa. Kafukufuku wa ku National Institutes of Health ku America anapeza kuti odwala XP osakwana zaka 20 ali pachiopsezo cha khansa ya pakhungu choposa cha anzawo ka 10,000, ndipo mwa amene anadwala khansayi, theka inali itawayamba pofika zaka 9. Mankhwala ochiza XP kulibe. Chomwe chimapulumutsa mwana ndi kumutchinga ku UV msanga, chifukwa chimene dzuwa lawononga lero sichibwereranso mwakale.

1. Zindikirani zizindikiro mwana asanakwane zaka ziwiri

Ana ena amapsa mpaka kutuluka matuza atangokhala padzuwa mphindi zochepa. Ena sapsa n'komwe, ndipo awa ndi amene amachedwa kudziwika. Mwa iwo chimayamba ndi timadontho takuda tambirimbiri kumaso, m'khosi, kunja kwa manja ndi m'miyendo, kenako timawanga toyera pakati pake, khungu lili gwaa, louma. Muvuleni malaya mwanayo muyerekeze: ngati kumimba ndi m'matako muli bwinobwino koma malo oombedwa ndi dzuwa ndi amene asintha, pamenepo ndiye poyambira. Onaninso maso. Mwana wa XP amatsinzina ndi kulira akatuluka panja, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu.

Si zipere, si mphere, ndipo sapatsirana. Musamudzoze mafuta oyeretsa khungu kapena kumutemera mphini.

2. Pitani kuchipatala ndipo tchulani dzuwa

Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe kapena Bangwe, ndipo pemphani kalata yopita kwa madokotala a khungu ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Fotokozani msinkhu umene madonthowo anayambira, malo amene ali, ndiponso ngati pali wachibale amene anali ndi khungu lotere. Izi n'zofunika chifukwa pellagra (matenda obwera posowa vitamini B3 m'zakudya) ndi mankhwala ena nazonso zimachititsa khungu kupsa ndi dzuwa, koma izo zimachizika. Pemphaninso kuti mwana akaonedwe maso ku Lions Sight First Eye Hospital komweko ku Gulupu. Dzina la matendawa lilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo.

3. Sinthani nthawi ndi nyumba

Mwana asewere panja dzuwa likalowa. Masana onse ndi oopsa kwa iye, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Blantyre ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,000, ndipo UV imakula malo akamakwera. Chimene chimapusitsa makolo ambiri ndi nyengo ya chiperoni: kunja kukuzizira, mitambo yaphimba Soche, ndiye amati lero palibe vuto. UV imadutsa m'mitambo, ndipo siyendera kutentha. Mthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde nawonso sukwanira, poti cheza chimanjanja pakhoma loyera, pasimenti ndi pamadzi.

Galasi wamba la windo limatchinga mbali imodzi ya UV koma ina imadutsa. Ikani makatani ochindikala, kapena pepala lomata pagalasi lolembedwa kuti limatchinga UV. Ngati denga lili ndi lata loonekera, lisintheni. Mababu a halogen ndi machubu aataliatali opanda chophimba amatulutsa UV pang'ono, choncho ikani a LED. M'nyumbamo musasutidwe fodya, chifukwa utsi wake umawononganso DNA.

4. Zovala zibwere patsogolo, mafuta pambuyo

Malaya a manja aatali, buluku lalitali, sokosi, nsapato zotseka, magolovesi, chipewa chakhonde chophimba makutu ndi khosi, ndi magalasi olembedwa UV400 otchinga ndi m'mbali momwe. Pogula pa kaunjika, tambasulani chovalacho moyang'anitsa kowala: ngati kuwala kukudutsa, chisiyeni. Nsalu yothinana ngati ya jinzi, ya mtundu wakuda, imateteza kuposa yoyera yopyapyala, ndipo chovala chikanyowa mphamvu yake imachepa. Magalasi ongoda opanda chotchinga UV ndi oipa kuposa kusavala, chifukwa diso limatseguka kwambiri mumdimawo n'kulowetsa cheza chochuluka.

Amayi, mukabereka mwana kumbuyo kumbukirani kuti mutu, makutu ndi timapazi zimatsala pamtetete. Mu minibasi musamukhazike kuwindo.

Mafuta oteteza ku dzuwa akhale a SPF 50 kapena kuposa (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake), otchinga mitundu yonse iwiri ya UV, UVA ndi UVB. Ndi amtundu womwewo umene anthu achialubino amadzola, choncho funsani adokotala ngati mwana angalembedwe kuti azilandira nawo. Dzozani mphindi 20 asanatuluke, ndipo bwerezani pa maola awiri aliwonse, kapena akangotuluka thukuta kapena kusamba. Munthu wamkulu amafunika supuni yaing'ono imodzi ya kumaso ndi khosi, mwana wamng'ono pafupifupi theka lake. Cholakwika chofala ndi kudzoza mopyapyala pofuna kusunga botolo, zimene zimatsitsa chitetezo kutali ndi nambala yolembedwayo. Malo oiwalika ndi kuseri kwa makutu, pamphuno, milomo ndi kunja kwa zala. Botolo lisakhale padzuwa, ndipo onani tsiku lothera ntchito.

Popeza thupi limapanga vitamini D ndi dzuwa, mwana wotetezedwa chonchi amaperewera vitaminiyu. Adokotala amulembere mlingo woyenera msinkhu wake.

5. Yenderani khungu mlungu uliwonse

Pamalo owala bwino, yang'anani mwana kuyambira m'mutu mpaka kumapazi, kuphatikizapo zikope, milomo ndi nsonga ya lilime, kumene khansa imakonda kumera mwa odwala XP. Jambulani ndi foni malo okayikitsa kuti muyerekeze mwezi wotsatira. Thamangirani kuchipatala mukaona chilonda chosapola patatha milungu itatu, chotupa chomakula kapena kutuluka magazi, dontho losintha mtundu kapena kukula, kapena kanyama komera padiso. Timabala tokhakhala toyambirira adokotala amatha kutiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri otchedwa liquid nitrogen kapena kutipaka mankhwala monga 5-fluorouracil, ndipo khansa yaing'ono imachotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono. Ikakula pankhope, opaleshoni imatenga mphuno kapena diso. Ngakhale zonse zikuoneka bwino, mwana aonedwe khungu pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse. Pafupifupi mmodzi mwa odwala anayi amavutikanso ndi minyewa, choncho nenani msanga ngati wayamba kusamva bwino kapena kuyenda movutikira.

6. Sukulu ndi abale

Mwanayu aphunzire. Kambiranani ndi aphunzitsi aakulu kuti akhale kutali ndi windo, asaime pa asembule padzuwa, ndipo aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali pamwamba pa yunifomu.

Pomaliza, pasakhale kulozana zala m'banja. Mwana amadwala XP pokhapokha atatengera mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ngakhale iwo ali bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake imaoneka kawirikawiri m'maukwati a pachibale monga a pachisuweni. Pa mimba iliyonse ya makolo awiriwa, mpata woti mwana abadwe nayo ndi umodzi mwa inayi. Khanda lotsatira litetezedwe ku dzuwa kuyambira tsiku lobadwa mpaka adokotala a khungu ataliona, ndipo akulu ake a mwana wodwalayo apite nawo kukapimidwa.