Kudzala zomera zodya tizilombo kuno ku Chigwa cha Shire

Chomera changa choyamba chinali Venus flytrap, chija chimatseka masamba ngati msampha wa mbewa. Ndinachigula ku Blantyre, ndipo chisanathe miyezi iwiri kuno ku Nchalo chinali chitada bii. Kwawo n'ku North Carolina ndi South Carolina ku America, ndipo chaka chilichonse chimafuna miyezi yozizira kuti chipume. Nanga kuno Okutobala akafika, kutentha n'kupitirira madigiri 40, chipuma liti? Ndinachiwonjezeranso tsoka pochithirira madzi a pamjigo, omwe kwathu kuno ambiri ndi amchere.

Ngati mukufuna kuyamba, yambani ndi chathu chomwe. Chimatchedwa Utricularia, ndipo chimayandama m'madzi odekha a m'madambo. Ine anandionetsa ndi malume anga, msodzi wa ku dambo la Elephant Marsh. Atakoka ukonde anachotsa kamtolo ka ulusi wobiriwira n'kunena kuti, "Mphwanga, zinyalala zimenezi ndiye ukuti zimadya nyama?" Tinaziyika m'mbale yoyera, ndipo pa ulusiwo panali timatumba tosawerengeka, tochepa kuposa njere ya mapira. Kathumba kalikonse kamapopa madzi kunja n'kutseka kachitseko kake. Kachilombo kakakhudza tiubweya ta pakhomopo, chitseko chimatseguka n'kukameza pamodzi ndi madzi, mwachangu moti diso siliona. Tomwe tada ndiye kuti tadya kale. Mizu chilibe, ndipo nthawi yake ikakwana chimatulutsa timaluwa pamwamba pa madzi.

Pokatenga, pitani ndi wodziwa dambolo, m'bwato, chifukwa ng'ona ndi mvuu sizisewera, komanso madzi osayenda amakhala ndi likodzo. Chingwe chimodzi cha chomerachi chotalika ngati chikhatho n'chokwanira, chimachulukana chokha.

Kunyumba pezani beseni lapulasitiki lotambalala la malita 20. Pansi ikani masamba ouma a bango odzaza manja awiri, thirani madzi amvula, muwasiye masabata awiri mpaka afiirire ngati tiyi wopanda mkaka. Masamba akamaola ndi pomwe mumaswana tizilombo tamadzi tomwe chomeracho chimadya. Onjezerani kapu imodzi ya madzi a kudambo, kenako yandamitsani chomera chija. Beseni likhale pamene pamafika dzuwa lam'mawa lokha. Langa lili kum'mawa kwa khonde, ndipo ikamakwana 10 koloko mthunzi wafika kale.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Zomera zimenezi zinazolowera malo osauka chakudya, n'chifukwa chake zimagwira tizilombo kuti zipeze nayitirojeni. Feteleza, manyowa, phulusa kapena mchere zimazipha. Mvula ikayamba musatunge yoyamba, imatsuka fumbi ndi zitosi za padenga. Yachiwiri dzazani zigubu zonse zomwe muli nazo n'kuzitseka bwino, chifukwa kuyambira Meyi mpaka Novembala mudzadalira zimenezo, ndipo beseni limaphwa msanga kukatentha. Mayi a kunyumba poyamba ankadandaula kuti zigubu zawo zatha, pano anazolowera.

Ndere zikayamba kuphimba chomera, dziwani kuti dzuwa lachuluka kapena m'madzi mwalowa chonde. Zichotseni ndi dzanja, musunthire beseni kumthunzi. Ndipo wina asakunamizeni kuti chomerachi chithetsa udzudzu. Chimagwira mphutsi zazing'ono zokha, zazikulu zimapulumuka. Phimbani beseni ndi chidutswa cha neti yakale, apo ayi mukuweta malungo pakhomo.

Mukazolowera mungayese Drosera, chomwe masamba ake ali ndi tiubweya tofiira tokhala ndi timadontho tonga mame, koma tomata ngati ulimbo. Mitundu ina imamera m'malo achinyezi pamwamba pa mapiri a Mulanje ndi Zomba. Musakazule kumeneko: ndi nkhalango zotetezedwa, komanso chozolowera chisanu cha kuphiri chikatsika Thabwa kulowa kuno kuchigwa sichikhalitsa. Funani njere za Drosera indica, mtundu wa kumalo otentha womwe umakhala nyengo imodzi n'kusiya mbewu. Tsukani mchenga wa kumtsinje kangapo ndi madzi amvula mpaka aziyera, muudzaze m'kapoto kapulasitiki koboola pansi, muwaze njere pamwamba osakwirira. Kapotoko kakhale m'mbale ya madzi amvula okwana masentimita awiri, asaphwe ngakhale tsiku limodzi. Kudyetsa musavutike nako, tintchentche timabwera tokha. Ana angowauza kuti asamagwire masamba pofuna kuona ngati alumidwa.